Nyumba ya Nantchengwa ndi Bodza la Nthengu

Padangokhala. Amene muli maso vomerani kuti tili limodzi, amene mukusinza mutipeza kutsogolo.

Padali Nantchengwa, mmisiri womanga nyumba m'dziko la mbalame. Nyumba yake idali ya zipinda zitatu, denga lake lolimba moti mbuzi ikadatha kuimapo osaboola. Adalinso ndi dziwe lake la achule ndi matemba, komanso nyumba ina yakale imene adaimanga asanakwatire, yomwe tsopano munkangokhala akangaude.

Mkazi wake adali Nasoko. Adamutenga chitengwa kuchokera kutali, ndipo mtengo wa kwawo kwa Nasoko anthu adaudula kalekale n'kuotcha makala, abale ake n'kubalalika. Padalibe kwina kumene akadaloza n'kunena kuti kwathu ndi uko. Ana adali nawo awiri, aakazi okhaokha, ongophunzira kumene kuuluka.

Tsono Nantchengwa adakalamba, nayamba kutsokomola. Mwambo wa mbalame udali wakuti mwamuna akamwalira osasiya mawu, katundu wake yense ankapita kwa mwana wa mlongo wake, ndipo mkazi ankamusudzula n'kumuperekeza pamsewu ndi mphasa imodzi. Mwana wa mlongo wake wa Nantchengwa adali Kadzidzi. Musandifunse kuti zidatheka bwanji. M'banja lililonse mumapezeka mmodzi wosafanana ndi anzake.

Kadzidzi sadamangepo nyumba chibadwire. Atamva za chifuwa cha malume ake, adayamba kubwera kudzazonda, masanasana, akutsinzina ndi dzuwa.

"Malume, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera."

"Chifuwacho?"

"Chilipo."

"Pepani kwambiri. Kodi chipinda chapakatichi chimadontha?"

Ankafunsa chonchi atatambasula mapiko, kuyeza kuchokera kukhoma ili kukafika kukhoma ilo.

Atachoka, Nasoko adakhala pansi pafupi ndi mwamuna wake.

"Bambo a ana, mwamuona mwana wa alongo anu? Nenani mawu mukadali ndi mpweya. Itanani akuluakulu, muwauze kuti ine ndi anawa tidzakhala pati."

"Ukufuna ndife?" adatero Nantchengwa. "Wogawa katundu wake ndiye kuti waikodola imfa. Tambala adagawira akazi ake Lachiwiri, Lachinayi n'kumudya."

"Tambala adamupha chifukwa kwa mwini khola kudabwera alendo."

"Nanga alendowo adabwereranji sabata yomweyo? Usandiyambenso nkhani imeneyi."

Nasoko adali ndi mnzake wa paubwana, Nthengu, kambalame kakuda bii, ka mchira wa mphanda. Adakulira mumtengo umodzi, choncho Nthengu ankamutchula Nasoko kuti achemwali, Nantchengwa n'kumamutchula kuti alamu. Ndipo mukudziwa za chilamu: mlamu amatha kukunena chilichonse, iwe n'kungoseka kapena kumuponyera kamtengo. Nthengu adalinso ndi luso limodzi. Mawu a mbalame iliyonse akangowamva kamodzi, ankawalankhula ngati mwini wake.

Tsiku lina adamupeza Nasoko kudziwe, maso ali psuu.

"Achemwali, mwalowa utsi m'maso kudziwe kuno?"

Nasoko adamufotokozera zonse. Nthengu adangouluka ulendo wa kwa alamu ake.

"Alamu, chilape."

"Nachize, koma chifupike. Ndikudwala ine."

"Womanga ndine, wogonamo ndi mlendo, amene ndinamangira akunyowa panja."

Nantchengwa adaganiza. "Chulu."

"Mwalephera."

"Chigoba cha nkhono."

"Mwalepheranso. Ndi nyumba yanu ino, chaka cha mawa."

Kamtengo kadadutsa pamwamba pa mutu wa Nthengu. Adabwerera kudziwe akuseka, koma atafika adasiya kuseka.

"Achemwali, amuna anu sakukana chifukwa chosakukondani. Akuopa. Koma ndawaona, pali chinthu chimodzi chimene chimawaiwalitsa mantha, ndicho kunamiziridwa. Zimene mumve mawa musadabwe nazo. Anthu akamanditukwana, inunso muzitukwana nawo."

M'mawa mwake amayi a mbalame, anjiwa, ankhwali ndi ankhanga, adasonkhana pamtondo kusinja mapira. Nthengu adabisala m'masamba pamwamba pawo, nayamba kuimba ndi mawu a Nantchengwa enieni, osasa aja. Nyimboyo inkanena za nkhalamba imene ikupereka dziwe lake lonse kwa mlamu wake Nthengu chifukwa cha kukongola kwa mchira. Kumapeto kwa mzere uliwonse, pamene munsi umagwera mumtondo, woimbayo ankatsokomola kawiri. Amayi aja adayamba ndi kuseka, kenaka wina adavomereza, ndipo posakhalitsa onse ankasinja motsatira chifuwacho, kutsokomola pamodzi munsi ukamagwa. Dzuwa lisanafike pamutu, nyimboyo idali pakamwa pa aliyense.

Idafikanso m'makutu mwa Nantchengwa. Adadzuka pamphasa nthenga zili njonjonjo.

"Nasoko, wamva bodza la mng'ono wako? Dziwe lija n'la ana anga. Ndingapatse kambalame kosadziwa n'kugwira chule komwe?"

Nasoko adathamangira kwa Nthengu.

"Anena. Akuti dziwe n'la ana."

"Wamva ndani?"

"Ine."

"Inu ndi ndani?"

"Ine ndekha, tinali m'nyumba."

"Ndiye sananene kanthu. Tsiku la maliro mukadzaimirira n'kunena zimenezo, adzati wamasiye akupeka. Tiyeni tionenso mawa."

M'mawa wotsatira nyimbo ija idaphuka ndime yachiwiri. Tsopano nkhalamba inkapereka nyumba yake yakale kwa mlamu yemweyo, ati kuti azisungiramo mchira nthawi ya mvula. Amayi adavomereza mokweza kuposa dzulo, chifuwa chija n'kumamveka mpaka kutsidya. Nthengu atatha kuimba adathyola tsache, napita kunyumba yakale ija, nayamba kusesa akangaude poyera, fumbi kuti kobo, aliyense akuona.

Apa Nantchengwa adatuluka mpaka pakhomo, atagwira ndodo. Mbalame zidasonkhana pansi, Kadzidzi ali patsogolo.

"Tamverani nonse," adatero Nantchengwa. "Dziwe n'langa. Nyumba yakale n'njanga. Ino n'njanga. Sindinapatse aliyense kanthu kalikonse, ndipo sindidzapatsa."

Kadzidzi adaomba mapiko mwaulemu.

"Mwamva nokha, abale. Malume sanapatse aliyense. Ndiye kuti mwambo uli pomwe unali." Adatembenuza mutu wake wonse kuyang'ana Nasoko. "Azakhali, musadandaule. Mphasa ndidzakusankhirani yabwino."

Madzulo ake dzuwa likadalipo, Nasoko adamupeza Nthengu atakhala panthambi, tsache lili pambali.

"Waononga, mng'ono wanga. Dzulo ndinalibe mboni. Lero Kadzidzi ali ndi mboni mudzi wonse."

"Ndaononga, ndikuvomera," adatero Nthengu. "Ndimayesa akakwiya atchula maina. Atchula dzina lawo lokha."

"Ndiye zisiye. Ndiyambe kufunsa kumene kuli mphako yopanda mwini."

"Dikirani kaye. Alamu sangaitane akuluakulu, inu mukaitana adzati mukufulumiza maliro, ine ndikaitana palibe angabwere. Watsala mmodzi."

"Ndani?"

"Wamaso akuluakulu uja."

Nthengu adamupeza Kadzidzi akuwodzera pachitsa.

"Wawa, mwini nyumba."

"Zikomo," adatero Kadzidzi, akudzikonza nthenga za pachifuwa. "Wamva wekha lero. Bodza lako latha."

"Latha lero, chifukwa mwini mawu alipo ndipo akukana. Tatsinzina pang'ono."

Kadzidzi adatsinzina. Pomwepo adamva malume ake, pafupi ndi khutu lake, akunena mwapang'onopang'ono kuti nyumba yaikulu ya zipinda zitatu aisiyira Nthengu, ndipo Kadzidzi asadzapondemo. Mawuwo adatha ndi chifuwa. Kadzidzi adatsegula maso, napeza Nthengu yekha akudzikanda ndi mlomo.

"Tsono taganiza," adatero Nthengu. "Tsiku lina malume ako adzagona osatha kutuluka. Akuluakulu adzakhala pakhonde, mawu awa n'kutuluka pazenera. Adzakana ndani?"

"Ndiwe mfiti."

"Ndine woimba chabe. Ukanakhala wochenjera ukanakandisumira kubwalo iwo akadali moyo, kuti anditsutse pamaso pa onse. Koma usatero, chonde. Ndayamba kale kuganiza za mtundu wa makatani."

Kadzidzi sadadikire kuti amalize. Adauluka madzulo omwewo dzuwa lisanalowe, akugunda nthambi, mpaka kwa Nang'omba, mkulu woweruza milandu ya mbalame, nakasuma.

Tsiku la mlandu m'mawa, Nthengu adaimbanso pamtondo. Ndime yachitatu inkapereka nyumba yaikulu, chipinda ndi chipinda, mpaka denga. Koma tsiku limeneli amayi adavomereza motsitsa, ena osavomereza n'komwe, chifukwa Nasoko adali pomwepo ndi ana ake, ndipo nyimbo idasiya kuseketsa. Chifuwa chokha ndicho chinkagwabe pamodzi ndi munsi.

Kubwalo kudadzaza. Nang'omba adali mkulu wofatsa, wolankhula ngati akuyeza mawu ndi chikho. Pambali pake padakhala Kakowa, mayi wovala zoyera amene aliyense ankamukhulupirira, ndi Tchete, mmisiri woluka. Nantchengwa adafika mochedwa, atatsamira mkazi wake.

"A Nantchengwa," adayamba Nang'omba, "mwana wa alongo anu wasumira alamu anu. Akuti akuba katundu wanu ndi pakamwa. Kodi munawapatsa dziwe?"

"Bodza."

"Anandipatsa," adatero Nthengu. "Mudzi wonse unamva mawu awo."

"Anali mawu ako, iwe kachinthu kakuda."

"Chabwino. Ngati si langa, n'la yani? Dzana munati n'lanu. Ine sindikufunsa za lero, alamu. Lero ngakhale chule akudziwa kuti n'lanu. Kuseri kwa inu kulibe dzina lililonse, ndiye ine ndaikapo langa. Malo anali opanda kanthu."

"Kuli dzina."

"Liti? Sitinalimve."

"La ana anga," adakuwa Nantchengwa, ndodo ikugunda pansi. "Awiriwa. Pakati n'pakati, wamkulu asadye mnzake."

Nang'omba adayang'ana Kakowa, Kakowa n'kugwedeza mutu pang'ono. Nthengu adachita ngati sadaone.

"Tiana tosadziwa n'kutera komwe? Si vuto, ndidzatisungira ndine mpaka tikule."

"Iwe? Ungasunge chiyani iwe, wosasunga n'pakamwa pomwe? Adzawasungira amayi awo. Amayi awo akadzalephera, a Kakowa awa, ngati avomera."

"Ndavomera," adatero Kakowa.

"Dziwe ndaluza," adatero Nthengu mwachisoni. "Koma nyumba yaikulu ndiye munandipatsa mosaumirizidwa. Munati achemwali anga ndi obwera, adzapita kwawo."

Nantchengwa adakuwanso.

"Kwawo kuti? Mkazi ameneyu ananyamula timitengo ta nyumba imeneyi limodzi ndi ine, kamodzikamodzi, miyezi inayi. Matope a m'kati anamata ndi iyeyu. Nyumba imeneyi n'nja Nasoko mpaka tsiku lake lomaliza, ikadzachoka kwa iye ipite kwa ana. Wofuna kumusudzula adzamusudzule monga mwa mwambo, koma asadzamulozere msewu."

Nasoko adaweramitsa mutu, nabisa nkhope m'phiko.

Kadzidzi, amene nthawi yonseyi ankagwedeza mutu mokondwa poona Nthengu akugonja, adasiya kugwedeza.

"Malume, taimani. Ine ndinasumira uyu. Nanga mwambo? Nanga ine, magazi anu?"

"Mwambo umalankhula mwini akakhala chete," adatero Nang'omba. "Apa mwini akulankhula. Pitirizani, a Nantchengwa."

Nantchengwa adamuyang'ana Kadzidzi kwa kanthawi. Mkwiyo udali utayamba kutsika.

"Ndiwe mwana wa mlongo wanga, sindingakusiye pamtetete. Nyumba yakale ija n'njako. Ungathe kulowamo ngakhale mawa. Nthengu wakusesera kale."

Mbalame zidaseka mpaka zina kugwa panthambi. Nyumba yakale idali yabwino kuposa chitsa, ndipo Kadzidzi adadziwa kuti onse akudziwa.

"Nanga ine, alamu?" adafunsa Nthengu.

"Iwe ndakusiyira mchira wako womwewo."

"Zikomo, ndiusamala. Koma akuluakulu, ndikuchenjezeni. Mbalame n'zoiwala. Zikadzadutsa mvula ziwiri, ine n'kupeka nyimbo ina yokoma kuposa iyi, theka la inu mudzalumbira kuti zimene zanenedwa lero ndi za m'nyimbomo."

"Kamwa lako n'loipa, koma apa lanena zoona," adatero Nang'omba. "A Tchete, bweretsani luzi."

Tchete adatenga luzi, nayamba kuluka mawu aja m'mfundo, monga ankachitira ndi nkhani zazikulu za bwalo. Mfundo ziwiri zofanana za dziwe. Mfundo yaikulu ya nyumba ya Nasoko. Yaing'ono ya Kadzidzi. Ina ya Kakowa wosunga ana. Akamanga mfundo ankanena tanthauzo lake mokweza, Nantchengwa n'kuvomera. Adaluka zingwe zitatu zofanana, china chokasungidwa kwa Nang'omba, china kwa Kakowa, china m'nyumba mwa eni ake. Kenaka Nang'omba adaitana Nkhwali ndi Njiwa kuti ajompepo zizindikiro zawo ngati mboni.

"Bwanji osaitana ine?" adafunsa Kadzidzi.

"Wolandira sachitira umboni mphatso yake," adatero Nang'omba. "Awa sakupeza kanthu, ndiye alibe chowakhotetsa. A Nantchengwa, mfundo yomaliza mangani nokha."

Nantchengwa adaigwira ndi mlomo, naikoka mwamphamvu, akumuyang'anitsitsa Nthengu ngati akumanga khosi lake. Atamaliza adaimirira mowongoka, wopambana mlandu. Kenaka adayang'ana zingwe zitatu zija. Adayang'ana Nthengu, amene ankaoneka wokondwa kwambiri kuposa mmene woluza mlandu amaonekera. Ndodo idamugwa.

"Mwandinenetsa," adatero motsitsa. "Ndagawa. Basi, ine kwanga kwatha."

Adapita kunyumba. Adagona pamphasa chagada, napinda miyendo bwinobwino, nauza Nasoko kuti atsegule chitseko kuti imfa ikabwera isavutike kugogoda. Chakudya adakana.

Tsiku loyamba lidadutsa. M'mawa wa tsiku lachiwiri Nthengu adasuzumira pazenera.

"Alamu, yafika?"

"Sinafike."

"Mwina yasochera. Ndikaifunsire njira?"

"Choka."

Tsiku lachiwiri lidadutsanso. M'mawa wa lachitatu Nasoko adamva mwamuna wake akutembenuka, m'mimba mukulira ngati achule a m'dziwe lake.

"Nasoko."

"Ine, bambo a ana."

"Sindinafe."

"Ndaona."

"Ndipo ndagona tulo tabwino. Chiyambire chifuwachi ndinali ndisanagone chonchi. Ndimangoti ndikatseka maso, ndione iwe uli pamsewu ndi anawa."

"Bwanji simunanene?"

"Ndimaopa kuti ndikanena zichitika."

Adadzuka, naitana ana ake awiri.

"Eni dziwe, mungandibwereke chule mmodzi?"

Wamkulu adaseka. "Ababa, a Nang'omba anatifotokozera. Chingwe chija chimagona mpaka inu mudzapite. Lero achule onse ndi anu."

"Ndiye ndidya atatu," adatero Nantchengwa.

Adakhala ndi moyo mvula zina zinayi. Chifuwa chinkabwera n'kumapita. M'chaka chachiwiri Nasoko adaswa dzira lina, mwana wamkazi wachitatu, ndipo Nantchengwa, popanda womuimbira nyimbo, adanyamula chingwe chake yekha ulendo wa kwa Nang'omba.

"Mfundo za dziwe zikhale zitatu," adatero. "Itanani Tchete ndi mboni zija. Zingwe zonse zisinthidwe lero, kuti pasadzapezeke chonena zina."

"Simukuopa?" adafunsa Nang'omba.

"Ndikuopa. Koma ndaona kuti imfa siimva za pabwalo. Ili ndi ulendo wake."

Ulendo wakewo udafika m'chaka chachinayi, nthawi yokolola. Nantchengwa adamwalira m'nyumba mwake, mutu uli pa phiko la mkazi wake. Mbalame zidalira, Nthengu kuposa onse, ndi mawu ake enieni, amene ambiri adali asadawamvepo.

Tsiku losudzula lidafika. Kudabwera abale a Nantchengwa ochokera kutali, amene padalibe adawaonapo pa matenda, ena atanyamula madengu opanda kanthu. Mkulu wawo adakhala pakhonde n'kuyamba kuwerenga ndi maso zimene zidali m'nyumba. Nang'omba adamusiya amalize kulankhula. Kenaka adatulutsa chingwe chake, Kakowa natulutsa chake, Nasoko natulutsa chake. Adaziyala pansi moyandikana, mfundo kuyang'anizana ndi mfundo, ndipo Tchete adazimasulira imodzi ndi imodzi. Nkhwali ndi Njiwa adaloza zizindikiro zawo.

"Ife sitinaliko," adatero mkulu wa alendo aja. "Kadzidzi, iwe ndiwe mwini mbumba tsopano. Ukuvomereza zimenezi?"

Kadzidzi adatsinzina nthawi yaitali.

"Ndinalipo," adatero. "Bwalolo ndinaitanitsa ndine."

Mwambo udachitika wonse, osadumpha kanthu. Nasoko adamumeta, namuuza kuti wamasuka, namutulutsa pakhomo monga amachitira ndi wamasiye aliyense. Adaima panja kamphindi, ana ake atatu ali pambuyo pake. Alendo aja adatola madengu awo. Nasoko adawathokoza chifukwa chobwera, nawafunira ulendo wabwino. Kenaka adatembenuka, nalowanso m'nyumba.

Nthano yanga yatera panthambi imeneyi. Amene munali nane, tambasulani miyendo.